Ngalande ya kutsogolo kwa malo anga, ndi tsiku limene madzi analowa m'nyumba ya mnansi

Ndili ndi kamalo kotsukirapo magalimoto ku Ndirande, m'mbali mwa msewu wotsetsereka umene umatsikira cha ku mtsinje wa Nasolo, ndipo kuwonjezera pa kutsukako timasinthanso oyilo ndi kupopa matayala. Ndikulemba izi chifukwa cha anzanga ambiri amene akutsegula malo ngati angawa, komanso amene akumanga nyumba ndi maokala m'mphepete mwa misewu ya m'tauni, pakuti cholakwa chimene ndinachita ine ndimachionabe pafupifupi pa msewu uliwonse umene ndadutsa, ndipo ambiri ochichita sadziwa n'komwe kuti akulakwa.

Pakati pa msewu ndi malo anga pamadutsa ngalande yomangidwa ndi miyala ndi simenti, yakuya kufika m'mawondo mwa munthu wamkulu. Pamene ndinkayamba ntchito, pankafunika powolokera kuti magalimoto azilowa. Mmisiri amene ndinamuitana anandilangiza kuti tiumbe masilabu okhala ndi zitsulo m'kati, tiwayale pamwamba pa ngalandeyo, kuti madzi azidutsa pansi monga mwa kale. Nditawerengera mtengo wa simenti, zitsulo ndi miyala ya kwale, ndinaona kuti ndalama zichuluka, choncho ndinagula paipi imodzi ya mamilimita 300, tinaigoneka m'ngalandemo, tinathira dothi m'mbali mwake, kenaka tinawaka konkire pamwamba. Sindinapite kukhonsolo kukafunsa, chifukwa m'maganizo mwanga ngalande yodutsa kutsogolo kwa malo anga inali mbali ya malo anga. Madzi onse otsukira magalimoto, a sopo, matope ndi girisi, ndinawalunjikitsa m'ngalande momwemo. Oyilo wakutha tinkamusunga mu mgolo wopanda chivundikiro kuseri kwa shedi, wina n'kumagulitsa kwa anthu opaka matabwa poopa chiswe, koma zotsalira m'mabeseni anyamata ankazitsukuluzira m'ngalande madzulo poweruka, ine ndikuona.

Zaka ziwiri za mvula zinadutsa popanda vuto lalikulu, chifukwa paipi ikatseka anyamata ankaitokosa ndi nsungwi. Koma m'sabata ya Khirisimasi mu 2021 kunagwa chimvula chamasana chimene sichinathe ngakhale ola limodzi ndi theka, ndipo ine ndinali ndili m'tauni kukagula katundu. Madzi ochokera kumtunda anabwera ndi majumbo, mabotolo a pulasitiki, zitsononkho, makoko a nzimbe ndi matewera otaya a ana, zonsezo n'kudzaunjikana pakamwa pa paipi yanga ija. Madzi atasowa podutsa anasefukira, anadutsa pabwalo langa, anagwetsa mgolo wa oyilo uja, ndipo anatsetsereka kukalowa m'nyumba ya mayi ena amasiye amene amakhala kumunsi kwa malo anga pamodzi ndi adzukulu awo atatu.

Nditafika madzulo ndinawapeza mayiwo ataima pakhomo, chitenje chili chonyowa mpaka m'chiuno, tsache lili m'manja. Sanakweze mawu. Anangoti, "Bambo, ine sindikufuna mkangano. Lowani muone nokha." Ndinalowa. Madzi anali ataphwera, koma pakhoma ponse panali mzere wakuda wa oyilo, wowongoka ngati wojambula ndi lula, pamsinkhu wa bondo la mwana. Thumba la ufa limene anagayitsa dzulo lake linali litasanduka phala lotuwa, matiresi anali olemera osanyamulika, ndipo makope a adzukulu awo anali atamatana, inki itasungunuka. Pansi pa tebulo panatsala kathawale konyezimira mitundumitundu ngati utawaleza, ndipo fungo la m'nyumbamo linali fungo lenileni la pa malo anga a ntchito. Kenaka ananditengera kuseri, kuchitsime chosaya chimene mabanja angapo ankatungapo madzi ochapira ndi kutsukira mbale, anatunga chidebe chimodzi n'kundipatsa kuti ndinunkhize. Panalibe choti ndikane.

Nkhani inapita kwa amfumu a m'dera lathu, ndipo kumeneko ndinavomera kulipira zimene zinawonongeka. Ndinayesa kunena kuti zinyalala zimene zinatseka paipi sizinali zanga, kuti zinachokera kwa anthu a kumtunda, ndipo zimenezo zinali zoona. Amfumu anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anandifunsa kuti, "Achimwene, kodi ngalandeyi isanaone paipi yanu, zinyalala zomwezi sizinkabwera? Nanga bwanji nyumba ya mayiwa sinalowepo madzi? Madzi saiwala khwawa. Inu munawatsekera njira, iwo anapeza ina." Ananenanso kuti iwo angathe kuweruza za ufa ndi matiresi, koma za ngalande ndi za akhonsolo, ndipo anali atawadziwitsa kale kudzera mwa khansala.

Patapita masiku ochepa kunabwera anthu awiri ochokera kukhonsolo ya mzinda, wina woona za ukhondo ndi umoyo wa anthu, wina wa ku nthambi ya zomangamanga. Ndinkayembekezera kuti angonditchulira chindapusa n'kumapita, koma anakhala nthawi yaitali ndithu, ndipo zimene anandifotokozera tsiku limenelo ndi zimene ndikufuna kuti owerenga azimvetse bwino, chifukwa ndi pamene panagona umbuli wanga wonse.

Mumzinda muli njira ziwiri zosiyana zoyendamo madzi. Yoyamba ndi mapaipi a suweji, amene amanyamula madzi oipa ochokera m'zimbudzi, m'mabafa ndi m'mafakitale kupita nawo ku malo oyeretsera, monga a ku Soche, ku Limbe ndi ku Chirimba, kumene amayenera kusefedwa asanatayidwe mumtsinje. Mapaipi amenewa amafika m'mbali yochepa chabe ya mzinda wa Blantyre, ndipo ambiri a ife timadalira zimbudzi zokumba ndi matanki a pansi. Njira yachiwiri ndi ngalande za m'mbali mwa msewu, zimene ntchito yake ndi imodzi yokha, kunyamula madzi a mvula. Ngalande ilibe malo oyeretsera kumapeto kwake. Chimene mwathiramo chimakafika mumtsinje monga momwe mwachithirira. Wa zaukhondo uja ananditengera pamsewu, analoza kumunsi n'kundiuza kuti ndilondole ndi maso: ngalande yanga imathira mu Nasolo, Nasolo amathira mu Mudi, ndipo Mudi, atadutsa mafakitale a ku Makata ndi pafupi ndi msika waukulu wa Blantyre, amatsikira kumidzi ya kumunsi kumene anthu amachapa, kusamba, kumwetsa ziweto ndi kuthirira masamba amene amabweranso kudzagulitsidwa m'misika yathu yomweyi. Ine ndinakulira mumzinda uno, ndipo fungo la Mudi m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala ndimalidziwa kuyambira ndili mwana. Nthawi zonse ndinkati olakwa ndi a mafakitale akuluakulu, ndipo sizinandifikepo m'mutu kuti mabeseni a oyilo a pa malo anga amakathera mumtsinje womwewo.

Wa zomangamanga uja anandiuza kuti ngalande ili m'malo a msewu, si m'malo anga, ndipo munthu sayenera kuitseka, kuichepetsa kapena kuipatutsa popanda chilolezo, ngakhale itadutsa pakhomo pake penipeni. Anatenga kamtengo n'kulemba masamu pansi. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, imapereka lita imodzi ya madzi. Choncho denga la malata la mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi, mvula ya mamilimita 30 ikagwa, limatsitsa malita 3,000, omwe ndi migolo 15 ya malita 200. Ndiye anandiuza kuti ndiyang'ane kumtunda, ndiwerenge madenga onse kufikira m'tsinde mwa phiri la Ndirande, ndikumbukirenso kuti phirilo linali ndi mitengo kale koma tsopano ndi lambee, ndipo mabwalo ambiri anawakidwa simenti, kotero kuti madzi amene kale ankalowa pansi tsopano amathamangira onse m'ngalande nthawi imodzi. Anawonjeza kuti kukula kwa kamwa la paipi sikuyenda monga momwe timaganizira: paipi ya mamilimita 600 ili ndi kamwa lalikulu kanayi kuposa ya mamilimita 300, osati kawiri. Ine ndinali nditatenga ngalande yotakata n'kuisandutsa kabowo koti jumbo limodzi lodzaza zinyalala likhoza kutseka.

Anandisiyira kalata yondilamula kuti ndichotse paipi ija, ndisiye kuthira madzi otsukira m'ngalande, ndipo ndikapereke pulani ya momwe ndikonzere malowo, zonsezi m'masiku owerengeka, apo ayi malowo atsekedwa. Kalatayo inandipweteka, koma inandichititsa kufufuza malamulo amene ndinali ndisanawaganizirepo. Ndinapeza kuti lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 ndi limene limapatsa makhonsolo mphamvu yopanga malamulo awoawo a mumzinda, kuphatikizapo a zaukhondo ndi zinyalala, ndipo lamulo lakale la zaumoyo wa anthu limawalola kulamula munthu kuti achotse chilichonse chimene chikuika umoyo wa anzake pachiswe. Lamulo la mapulani a malo la 2016 limafuna kuti munthu apeze chilolezo asanamange kapena kusintha kagwiritsidwe ntchito ka malo m'tauni. Pamwamba pa amenewa pali malamulo ena awiri a dziko lonse. Lamulo la zamadzi la 2013 linakhazikitsa bungwe loyang'anira madzi la National Water Resources Authority, ndipo limaletsa kutayira madzi oipa m'mitsinje popanda chilolezo. Lamulo la zachilengedwe la 2017 linakhazikitsa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA, ndipo lili ndi mfundo yakuti wowononga chilengedwe ndi amene ayenera kulipira mtengo wokonzanso. Ndinkaganiza kuti malamulo oterewa amakhudza eni mafakitale okha, koma palibe pamene amanena kuti wa bizinesi yaing'ono ali ndi ufulu wowononga madzi pang'onopang'ono.

Paipi tinaifukula sabata yomweyo, ndipo kwa miyezi ingapo makasitomala ankawolokera pa matabwa ochindikala. Ntchito yeniyeni tinaigwira mvula itatha, pulani itavomerezedwa. Pa ngalande tinayala masilabu aja amene ndinawakana poyamba, koma tinawaumba m'zidutswa zoti anthu awiri angathe kunyamula, n'cholinga choti tizitha kutsegula ndi kuchotsa mchenga. Amene amawaka silabu imodzi yaitali yosachotseka amadzipangira vuto lina, chifukwa ngalande ikadzaza pansi pake palibe fosholo imene ingafikepo.

Chimene ndikufuna kufotokoza mwatsatanetsatane ndi dzenje losefera madzi, chifukwa anzanga ambiri a ntchito ngati yanga amaganiza kuti ndi chinthu chovuta ndi chodula, pamene ndi njerwa, simenti ndi mapaipi ochepa chabe. Bwalo lotsukirapo tinaliwaka mopendekera mbali imodzi, ndipo tinalizunguliza ndi kakhoma kakafupi kuti madzi a mvula ochokera kwina asalowepo, komanso kuti madzi otsukira asatulukire kwina. Madzi onsewo amatsikira m'dzenje lomangidwa ndi kupakidwa pulasitala bwino, logawidwa zipinda zitatu, chilichonse chakuya pafupifupi mita imodzi. M'chipinda choyamba madzi amadekha, ndipo mchenga ndi matope zimakhala pansi. Paipi yochoka m'chipinda china kupita m'chinzake ili ndi chigongono choloza pansi, kotero kuti imatenga madzi a pakati osati a pamwamba, ndipo popeza oyilo ndi wopepuka kuposa madzi, amayandama n'kutsala m'mbuyo. Pofika m'chipinda chachitatu madzi amakhala atayera ndithu, ndipo ambiri timawagwiritsanso ntchito potsuka matope a kunsi kwa galimoto ndi matayala, otsalawo n'kumapita m'dzenje la miyala limene tinalikumba kutali ndi chitsime chija. Loweruka lililonse mnyamata mmodzi amawengula oyilo wa pamwamba n'kumuthira mu mgolo, ndipo matope a m'chipinda choyamba timawavuula kamodzi pamwezi. Dzenje lotere likapanda kusamalidwa limadzaza, ndipo oyilo amangodutsa ngati palibe chilichonse.

Pali kanthu kena kamene ndinakazindikira nditagwiritsa ntchito dzenjeli kwa miyezi ingapo. Sopo wambiri amasakaniza oyilo ndi madzi, ndipo oyilo wotereyo sayandamanso, amangodutsa zipinda zonse zitatu madzi akuoneka ngati mkaka. Chifukwa cha ichi tinachepetsa sopo, ndipo injini kapena chitsulo chilichonse cha girisi wambiri timayamba tachipukuta ndi sanza tisanathirepo madzi. Posinthira oyilo tinaikapo denga ndi pansi pa simenti, ndipo migolo ya oyilo wakutha ndi yotseka, ili pamalo okwera pamene madzi osefukira sangafike. Madzi a padenga la shedi tinawalunjikitsa mu thanki ya malita 5,000, ndipo m'nyengo ya mvula bilu ya madzi imatsika kwambiri, pamene ngalande nayo imapepukidwa ndi madzi amene akanathiramo. Zonse pamodzi, kuphatikizapo zimene ndinalipira kwa mayi aja ndi masiku amene ntchito inaima, zinanditengera ndalama zoposa katatu mtengo wa masilabu amene mmisiri anandiuza pachiyambi.

Chaka chotsatiracho chinandionetsa kuti nkhani ya ngalande si ya oyilo yokha. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 unafalikira dziko lonse ndipo unapha anthu oposa 1,700, mpaka mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa. M'dera lathu muli chizolowezi chimene tonse timachidziwa koma sitichitchula: chimbudzi chikadzaza, ena amadikira chimvula cha usiku n'kuboola m'mbali kuti zoipa zitsike ndi madzi, ndipo ena amalumikiza paipi ya kubafa kapena ya thanki ya chimbudzi molunjika m'ngalande. Ndikumvetsa kuti kuitana galimoto yopopa zimbudzi kumafuna ndalama, ndipo m'tinjira tina ta kwathu galimoto yotero singalowe n'komwe. Komabe ana athu amasewera m'ngalande zomwezo mvula ikakata, ndipo zitsime zosaya za kumunsi zimamwa madzi omwewo. Ine amene ndinanunkhiza chidebe cha madzi a oyilo ndikudziwa kuti oyilo amadziulula yekha ndi fungo ndi mtundu, pamene tizilombo ta kolera tilibe fungo ndipo sitioneka.

Kenaka mu Malichi 2023 kunabwera namondwe wa Freddy, amene anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo, ndipo m'chigawo cha kummwera anthu mazanamazana anafa, ena osapezeka mpaka lero. Sindinganene kuti ngalande yosamalidwa ikanaletsa tsoka lalikulu chotero, chifukwa madzi a masiku amenewo anaposa chilichonse chimene munthu anamanga. Chimene ndinaona ndi maso anga pa msewu wathu n'chakuti pamene ngalande inali yotseguka madzi anasefukira koma anatsata njira yake, ndipo pamene anthu anamangapo maokala, makhonde ndi timapaipi ngati kanga kaja, madzi anaswa msewu n'kulowa m'nyumba. Mayi aja madzi anawafikira pakhonde, koma m'nyumba sanalowe.

Za zinyalala ndili ndi maganizo anga. Boma linaletsa majumbo opyapyala osafika ma micron 60 (muyeso wa kuchindikala kwake) mu 2015, ndipo bwalo lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, koma aliyense amene anavuulapo ngalande akudziwa kuti majumbo amenewa ndi amene amamanga zinyalala zina zonse pamodzi n'kupanga chitsekero. Ndi zoona kuti m'madera othinana ngati athu zinyalala zambiri sizifika ku mtaya wa ku Mzedi, ndipo munthu amene alibe potaya amaona ngalande ngati galimoto yaulere yonyamula zinyalala. Koma ngalande sinyamula chilichonse kupita nacho kutali, imangochisiya pakhomo pa mnzanu wa kumunsi. Tsiku losesa ngati limene linakhazikitsidwa mu 2020, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse, ndi lothandiza pokhapokha zimene zavuulidwa zichotsedwe tsiku lomwelo, chifukwa mulu wosiyidwa m'mbali mwa ngalande umabwereramo ndi mvula yoyamba.

Amene mukufuna kumanga powolokera, kapena kutsegula malo otsukira magalimoto, galaja, malo ophera nkhuku, lesitilanti kapena chilichonse chotulutsa madzi akuda, pitani kukhonsolo musanagule thumba la simenti ngakhale limodzi, mutatenga chojambula cha malo anu chosonyeza kumene madzi a mvula amachokera, kumene amapita, ndi kumene madzi a ntchito yanu adzathere. Chimene mwauzidwa pemphani kuti chilembedwe, ndalama iliyonse imene mwalipira mulandire lisiti, ndipo mapepalawo muwasunge. Musanayambe kumanga, yendani wapansi kutsata ngalande yanu mpaka kumene ikuthera, muone nyumba, zitsime ndi madimba amene ali m'njira yake, ndipo mulankhule ndi amene ali kumunsi kwanu, chifukwa iwo ndi amene amadziwa msinkhu umene madzi amafika. Ngati ndinu amene mukuvutika ndi madzi ochokera kwa mnzanu, jambulani zithunzi pa foni madzi akadali pomwepo, yambirani kwa mwini wakeyo ndi kwa amfumu, ndipo zikakanika kalembeni dandaulo kukhonsolo kudzera mwa khansala wanu.

Tsopano chaka chilichonse mu Okutobala, mvula isanayambe, mabanja a mbali yathu ya msewu timagwirizana Loweruka limodzi, timanyamula masilabu, timavuula mchenga ndi mafosholo, ndipo timasonkherana ndalama ya galimoto yodzatenga zinyalalazo madzulo omwewo. Khoma la mayi aja ndinalipakanso laimu kawiri, koma kukachita chinyezi mzere wakuda uja umaonekerabe pang'ono pansi pa zenera. Chitsime chija tinachikapa katatu chilimwe chotsatira, fungo linatha, ndipo mabanja anayambiranso kuchapira madzi ake, ngakhale kuti mayiwo mbale zawo amatsukirabe madzi ogula pa kiyosiki.